Nyimbo Yogulira Madzi

Ana a kuno saphunzira Chitchaina ndi buku. Ndinayesa chaka chathunthu, ndinangotha choko. Ukawapatsa buku amayasamula. Ukawapatsa nyimbo amapita nayo kwawo, mpaka makolo awo, amene chinenerocho anachitaya kalekale, amayamba kuing'ung'uza akuyendetsa galimoto. Choncho Loweruka lililonse m'mawa, m'kachipinda ka kumbali kwa holo ya kalabu yathu ya Atchaina ochokera ku tauni ya Rabaul, kutsidya la nyanja, kuno ku Brisbane, ine ndi ana khumi ndi mmodzi timaimba.

Vuto linali lakuti nyimbo zinandithera. Sukulu ya Chitchaina ndinangophunzirako zaka zinayi, kenako masisitere anatitengera ku Chingerezi, ndiye thumba langa silinali lakuya. Ya abakha tinaimba, yowerenga zala tinaimba, ya mayi wogulitsa mpiru tinaibwereza mpaka ana anayamba kuikamo mawu awoawo achipongwe. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinakumbukira ina. Ndinaimva kwa amayi nthawi ya nkhondo, tili kumsasa wa m'tchire kumene asilikali a ku Japani anatsekera Atchaina a m'tauni mwathu. Ndinali ndi zaka zisanu. Amayi ankasambitsa mlongo wanga wakhanda kumtsinje, akuibwerezabwereza, mwakuti inandikhala m'mutu zaka zonsezi. Mawu ake amati:

Mtsinje, mtsinje, nayi ndalama yako,
tigulitse madzi ozizira.
Kamodzi pamphumi, kawiri pamphumi, katatu wayera.
Vala zatsopano, nyamuka, usacheuke.

Kwa mphunzitsi imeneyi ndi nyimbo yabwino. Muli kuwerenga, muli mphumi, muli madzi, muli zovala. Mzere womalizawo sindinaulabadire, pakuti nyimbo za ana zambiri zilibe mutu. Ndinabweretsa beseni, zidole, tinsalu ndi makhobidi, ndipo kwa milungu itatu ana ankaponya khobidi m'madzi, kunyika kansalu, ndi kupukuta chidole pamphumi katatu, akuimba. Anaikonda kuposa zonse chifukwa munali kunyowa.

Loweruka limenelo kunatentha, makina oziziritsa atawonongeka, ndiye tinasiya chitseko chotsegula. M'holo yaikulu akuluakulu anali pa majong'i, masewero a Chitchaina, monga mwa masiku onse, timatabwa tawo tikulira pathebulo. Tili pakati pa nyimbo, timatabwa tija tinangoti zii. Kenako ndinamva ndodo ikugogoda pansi, ikubwera.

Anali Azakhali Achitatu, a Lai Fong Seeto, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu. Si azakhali anga enieni, koma kumsasa kuja chisakasa chawo chinali choyandikana ndi chathu, ndipo tonse timawaitana choncho. Anaima pakhomo akupuma movutikira, maso ali pabeseni.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, Azakhali. Tikuphunzira."

"Ndikufunsa iwe, Ah Lin. Maliro ndi a yani?"

Ah Lin ndi dzina langa la paubwana. Anthu amene amalidziwa atsala atatu. Ndisanayankhe anakankha beseni ndi ndodo, madzi anayenderera pansi, makhobidi akugubuduka mpaka kunsi kwa mipando. Ana anakweza miyendo, ena akuseka. Ndinauza Denise Chin, mayi wa mwana wina amene amakonda kudikirira kumbuyo akusewera ndi foni, kuti akolope ndipo awaimbitse zina, ine ndinatulutsa Azakhali kukhonde.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa ana," ndinatero.

"Manyazi? Iwe zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, sudziwa kugula madzi? Munthu akamwalira, mwana wake amapita kumtsinje, amaponya ndalama, amatunga madzi, amadzapukuta mtembo pamphumi katatu. Nyimbo yake ndi imeneyo. Siimbidwa pa munthu wopuma."

"Maliro onse amene ndinaona ine ndi a kutchalitchi. Ndipo mukusokoneza. Amayi ankaimba posambitsa mwana. Ndinaliko."

"Unaliko, inde. Unakhala pamwala ukukukuta chinangwa, mamina ali chuu. Nsalu ndinagwirizira ndine. Mwana uja anali atapita kale m'mawa womwewo. Amuna anakana kumuchitira mwambo, ati khanda losakwana mwezi silinafike n'komwe padziko. Amako anangomunyamula okha."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse. Koma ndinauona mtsinje uja, madzi ake ozizira otsika kumapiri, ndi mwana m'manja mwa amayi. Khanda lililonse ukaliika m'madzi otero limalira mpaka kufiira. Lija silinalire. Zaka zonsezi ndinkati linali khanda lofatsa.

Thupi langa lonse linachita tsemwe, osati chifukwa cha mlongo wanga. Ndinakumbukira Tessa.

Tessa ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga Bernadette, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'kalasi mwanga ndiye amagwira nyimbo msanga. Bernadette anali m'chikuta ndi khanda lalimuna. Dzina lake lenileni linali loti lidzatchulidwe pa phwando la mazira ofiira akadzakwana mwezi. Pakadali pano tinkamutcha Kankhumba, kuti zoipa zikamadutsa ziziti palibe chofunika apa. Mwambo umenewo ine ndimauseka, koma dzinalo ndinapereka ndine. Loweruka lapitalo Tessa, amene amanditcha Popo, ndiye kuti agogo, anandiuza monyadira kuti, "Popo, Kankhumba ndimamuimbira tsiku lililonse akamasamba. Khobidinso ndimaponya." Ine ndinamusisita kumutu, ndinati ndiwe mwana wanzeru.

Ndipo m'mawa wa tsiku limenelo Bernadette anali ataimba foni kuti Tessa sabwera, palibe womubweretsa, mwana akung'ung'udza ndipo akukana bere. Ine ndinati ndi kutenthaku, umusambitse.

Umusambitse. Ndinatero ine.

Ndinaimba foni ya Bernadette katatu. Inalira mpaka kuduka. Ya Gavin, mwamuna wake, inali yozimitsa. Azakhali ankandiyang'ana kumaso, ndipo nditawauza sanakalipe. Zimenezo ndizo zinandiopsa kwambiri, chifukwa iwo amakalipa ngakhale tiyi akazizira.

"Kuseri kwa khitchini kuli mtengo wa manyumwa. Kathyole masamba. Madzi ake amachotsa zoipa."

"Ine za masamba ayi, Azakhali. Ndili ndi galimoto, kuli madokotala."

"Ndiye waimiranji? Thyola, tizipita."

Ndinathyola. Minga inandikanda mkono mpaka magazi, ndinazindikira tili kale m'galimoto.

Kuchokera ku kalabu kukafika ku Runcorn, kwa Bernadette, ndi mphindi makumi awiri ngati maloboti akukukonda. Tsiku limenelo onse anali ofiira. Ndinkadziuza kuti nyimbo ndi mpweya wotuluka m'kamwa, sipatsa mwana malungo. Ndinagwira ntchito m'sitolo zaka makumi anayi, ndimakhulupirira zimene ndingaike pasikelo. Koma manja anga ankaterereka pachiwongolero.

"Mlongo wanga uja anali ndi masiku angati?" ndinafunsa, maso ali pamsewu.

"Makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Wanuyu?"

"Makumi awiri ndi anayi."

Azakhali anangofinya masamba aja pamiyendo, fungo lake linadzaza galimoto. Paloboti ya pafupi ndi njanji ndinadutsa litasintha kale, lole ina inatilizira hutala.

"Pang'onopang'ono, iwe," anatero Azakhali. "Ukatipha tonse awiri atigulire madzi ndani? Ana ako a zidole aja?"

"Khalani chete, Azakhali."

"Ndakhala chete zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Taona kumene kwatifikitsa."

Pakhomo pa Bernadette galimoto panalibe. Chitseko chinali chongobweza. Ndinaitana, palibe anayankha. M'khitchini sitovu inali ikuyakabe pang'ono, mphika wa mang'ina a nkhumba ophika m'viniga ndi jinja, umene ndinamuphikira dzulo lake kuti abwezere mphamvu, utayamba kupserera. Ndinazimitsa. Pathebulo panali bafa la mwana. Ndinaviika chala, madzi anali akadali ofunda. Kansalu kankayandama, ndipo pansi pa madzi panali khobidi likunyezimira. Thaulo la mwana linali pansi, penapake pali chidindo cha nsapato.

Ndinaima pamenepo sindikudziwa nthawi yotalika bwanji.

"Amayi ake a Bena, ndinu?" Anali a Sina, mayi wachisamoa wa nyumba yoyandikana, akusuzumira pampanda ndi zovala paphewa. Ndinatuluka. "Athamangira kuchipatala, sipanathe ola. Gavin anabwera ndi galimoto ya kuntchito, anaimika pakapinga pomwepo. Mwana anali wolefuka, mutu uli lende."

"Amalira?"

A Sina anaganiza kaye. Ndinafuna kuwagwedeza.

"Kulira sindinamve."

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza Azakhali atayatsa kale ketulo, akukanikiza masamba m'fulasiki ya Gavin ndi chala.

"Palibe nthawi," ndinatero.

"Mphindi ziwiri. Iwe kataye madzi awo kunja, kutali ndi khomo. Khobidilo usaligwire, lipite limodzi."

Ine amene sinditaya ngakhale pini, ndinakhuthula bafa lonse kumpanda wa kuseri ndi kufotsera khobidi lija ndi phazi.

Kuchipatala malo oimika galimoto anali pansanjika yachinayi, ndipo Azakhali amayenda ngati kamba. Ndinawasiya pa chikepe, kenako ndinabwerera kukawatenga, chifukwa ndinaona kuti sindingathe kukalowa ndekha. M'khonde la ku mbali ya ana tinapeza Gavin atakhala pabenchi ndi zovala zake za kuntchito, mutu uli m'manja. Pambali pake panali Tessa, atavala nsapato imodzi ya sukulu, ina ya pakhomo.

"Amayi, mwadziwa bwanji?" anatero Gavin akuimirira. Gavin ndi mzungu wa kuno, Chitchaina chimene amadziwa ndi mayina a zakudya basi.

"Zilekeni zimenezo. Ali moyo?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ali moyo. Thupi latentha kwambiri. Atenga magazi, atenga mkodzo, atenganso madzi a pamsana. Akuti kwa khanda laling'ono chonchi amaopa kuti matenda angafike ku ubongo. Tikudikira."

Tessa anandikoka siketi. Maso ake anali ouma, ndipo zimenezo sindinazikonde.

"Popo, ndinamuimbira kuti achire. Ndinaimba bwinobwino, sindinalakwitse liwu lililonse. Koma sanatsegule maso. Ndikamuimbirenso?"

Ndinamva Azakhali akukoka mpweya kumbuyo kwanga. Ndimawadziwa. Akanamuuza zonse pomwepo, mtembo, mtsinje, chinangwa, ndipo mwanayo akanasenza katundu ameneyo mpaka kufika msinkhu wanga. Ndinawagwira dzanja mwamphamvu mpaka mphete yawo inandibaya.

"Unaimba bwino," ndinauza Tessa. "Wolakwa ndine. Nyimbo ija mwini wake wapezeka, ndi ya mwana wina. Ndinaitenga osapempha. Kuyambira lero taibweza, sitiimbanso."

"Ya ndani?"

"Ya mlongo wanga."

"Muli ndi mlongo, Popo?"

"Ndinali naye. Za iye ndidzakuuza tsiku lina. Wadya?"

Anapukusa mutu. Ndinauza Gavin kuti kukhala pabenchi sikuchiritsa mwana, atenge Tessa akamugulire chakudya. Anapita, chifukwa munthu wamantha amakonda kutumidwa.

Namwino anati mulowe mmodzi. Ndinati mayi awa ndi ndodo yanga, ndikawasiya ndigwa. Anatiyang'ana tonse awiri, ndi ndodo yeniyeniyo, n'kutipatsa njira.

Kankhumba anali m'kabedi kagalasi, atangovala thewera, diripi ili pakadzanja kake, atamangirira ndi kathabwa. Anali phee. Ndinayang'anitsitsa pachifuwa mpaka ndinaona kuti chikukwera ndi kutsika, mofulumira ngati cha mbalame. Bernadette anakhala pambali, tsitsi lili nyankhalala, malaya atanyowa ndi mkaka.

Ndinamuuza za nyimbo ija m'Chitchaina kuti namwino asamve. Chitchaina cha Bernadette ndi chopunduka, ndiye ndinanena pang'onopang'ono, ngati ndili m'kalasi. Sindinakometse kalikonse.

"Amayi, adokotala apeza kale tizilombo mumkodzo. Ndi tizilombo. Si nyimbo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukunjenjemeranji?"

"Ukalamba."

"Inu? Amene munandiuza kuti wakufa saluma, wamoyo ndiye woopsa?"

"Ndinatero, ndipo sindinasinthe."

Anatembenukira kwa mwana. Anakonza kansalu kamene sikanafune kukonzedwa. Kenako ananena motsitsa, "Ndinkaimba nawo. Tessa akayamba, ine ndinkathandiza mzere womalizawo. Ndi nyimbo yokhayo ya Chitchaina imene ndinaigwira yonse." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "M'fulasikimo muli chiyani?"

"Masamba a manyumwa," anatero Azakhali. "Amako akuti sakhulupirira. Taona mkono wawo."

"Bweretsani."

Tinathira m'kachivindikiro, tinauzira mpaka anazizira. Azakhali anati pamphumi ayi, pamenepo pakwana, tiyambe kumapazi. Bernadette ananyika ngodya ya mpango wanga ndi kupukuta timapazi tija, kenako manja ake, kenako anga. Namwino anabwera kudzaona diripi, ananunkhiza mpweya.

"Bandejiyo isanyowe," anatero. "Zinazo sindikuziona."

Kenako kunali kudikira. Palibe chimene ndimadana nacho ngati kudikira. Ola loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Namwino ankabwera, kuyeza, kulemba, kutuluka. Ine ndinakhala pampando wolimba ndi maso pachifuwa cha mwana, ndikuopa kuti ndikayang'ana kumbali chiima. Ndipo nyimbo ija sinkandichoka m'mutu. Ndikaithamangitsa inkabwerera, ndi mawu a ana khumi ndi mmodzi, okondwa. Ndinaluma lilime kuti milomo isayende. Ndinayamba kutchula m'mtima mayina a misewu ya ku Rabaul umodzi umodzi, ndikamaliza n'kuyambiranso.

Ndinaganizanso za amayi. Atabwera kumtsinje tsiku lija anandiuza kuti mwana wapita kukakhala kwa anthu ena, ndipo patapita nthawi anati malungo anamutenga. Anakhala nane mpaka atakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, tinkagona chipinda chimodzi kuno ku Brisbane, ndipo sanaimbenso nyimbo ija ngakhale kamodzi. Zimenezo ndikanayenera kuzidabwa. Koma ine sindine munthu wofunsafunsa.

Itangopitirira 3 koloko masana analowa dokotala, mtsikana wamng'ono moti ndikanamuika m'kalasi mwanga. Ndinayang'ana nkhope yake ndisanamve mawu. Bernadette anandigwira bondo.

"Madzi a pamsana ali bwino," anatero. "Matenda sanafike kumeneko. Ali m'njira ya mkodzo, ndipo mankhwala tayamba kale. Akhala nafe masiku atatu kapena anayi. Munachita bwino kubwera msanga."

"Achira?" ndinafunsa. Sindifuna mawu ozungulira.

"Ndikuyembekeza choncho, agogo. Kutentha kwayamba kutsika. Tione ngati ayamwe."

Sanayamwe nthawi yomweyo. Bernadette anamuika pabere, iye anangotembenuza mutu. Anayesanso, chimodzimodzi. Ine ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso, mpaka Azakhali anati ndikuwapatsa chizungulire. Patapita mwina theka la ola namwino anabwera kudzamusintha thewera ndi manja ake ozizira, ndipo Kankhumba anakwinya nkhope, anafiira, n'kulira. Kulira kwa ukali, kwa munthu amene walakwiridwa. Bernadette anamunyamula, ndipo ulendo uno anagwira bere ngati akulanda.

Ine ndinakhala pansi, mpando ndinauphonya pang'ono, namwino anandigwira m'khwapa.

"Mumufunse ngati ali ndi bedi lina," anatero Azakhali. "Ine ndinasiya majong'i ndili pafupi kupambana, sindinadye, ndipo wogwa ndi iyeyu."

Gavin ndi Tessa analowa. Tessa anaima chapatali akuyang'ana mlongo wake akuyamwa, ndipo apa m'pamene analira, bwinobwino, monga mwana ayenera kulira. Ndinamusiya m'manja mwa bambo ake. Ndinauza Gavin kuti akatha apo akatule Azakhali kwawo, adutsenso kunyumba akataye mang'ina opserera aja ndi kukhoma chitseko.

Ine ndinatuluka panja pomwe foni imagwira bwino, ndinakhala pa khoma la maluwa, ndinatsegula kabuku kanga ka mayina a makolo. Panali mabanja khumi, ndipo ena ali ndi makanda, ena ali ndi okalamba m'nyumba. Nyimbo ija inali itafika m'nyumba zonsezo, ndipo ndinayenera kukaibweza. Nambala yoyamba ndinaiphonya kawiri.

"Denise, ndi ine. Ayi, mwana ali bwino. Tsopano tamvera, ndipo usandifunse zambiri lero."